A Jere a Kumtsinje

Ndimaphunzitsa za madzi ndi mitsinje pa koleji ina yaing'ono kufupi ndi Nsipe. Manambala a mvula ndi a kuchuluka kwa madzi m'mitsinje ndimawatenga pa intaneti, ndipo pamenepo palibe mlandu. Mlandu ndi zimene ndinayankha Lolemba lina.

Nditaonetsa kalasi mmene mtsinje wathu unadzazira, wophunzira wina, Tadala, anafunsa kuti, "Aphunzitsi, munakayeza inuyo kumtsinjeko?"

Ndikanangonena kuti ndazipeza pa foni. Koma ndinachita manyazi kuti angadziwe zoti Loweruka lonse ndinangobindikira m'nyumba, ndikukazinga kachewere wa munthu mmodzi. Ndiye ndinati, "Eya, tinapita ndi mnzanga, a Jere."

A Jere kulibe, ndinangowapeka. Koma ophunzira anawakonda, ine n'kumawonjezera. Ndinawaveka magambuti ong'ambika. Ndinati amaopa misundu, ndipo akaseka amamveka kutsidya. Sabata iliyonse ndinkakopera manambala pa intaneti, m'kalasi n'kumati a Jere ndiwo anagwira ndodo yoyezera.

Tsiku lina Tadala anati, "Muwaitane adzatiphunzitse kumtsinje komweko." Kalasi yonse inaomba m'manja. Ndinati awasamutsira ku Mzuzu.

"Pepanitu aphunzitsi," anatero Tadala, "ndiye mwatsala nokhatu."

Ndinaseka. Koma poweruka ndinadzera kumtsinje kuja, koyamba chibwerereni kuno. Ndinaima pamlatho madzi akudutsa pansi, ndipo ngakhale n'zochititsa manyazi kunena, a Jere ndinawasowa.