Mipata ya Pakati pa Miyala Yoyera

Ine ndinagonapo pa mwala woyera wa m'nyumba za mabwana, woyera mbee, wozizira zii, ndipo ndinagonapo kukomboni ya Kanyama komweko.

Zinali zaka zija za mizere. Sopo pamzere, saladi wophikira pamzere, unga wa nsima pamzere. Amuna anga ankayala matailosi kumayadi. Kampani itatseka, anabwera ndi wilibala yodzaza zidutswa zosweka zimene bwana anati zikatayidwe. Anaziyala m'chipinda chathu, ichi apa, icho apo, ngati chitenje cha zigamba. Aneba anasuzumira, nati tayala manda m'nyumba. Ndinawayankha kuti ogona kumanda sindinawamvepo akudandaula.

Koma mipata ya pakati inali yasa. Kwathu kuja mvula ikagwa, madzi amabwera kuchokera pansi, dothi limachita thukuta. Mwana wathu wotsiriza ankagona pansi pomwepo ndi chifuwa chosatha, ndipo anesi anali atatiuza kuti chinyezi chikamupezanso, mankhwala alibe. Mitambo inali itayamba kusonkhana. Simenti m'sitolo munalibe, ngakhale fungo lake.

Ndiye ndinayamba kuzungulira nyumba zimene eni ake anazisiya zitafika pawindo, kutola matumba a simenti opanda kanthu. Thumba lopanda kanthu lili ndi kanthu m'makona. Ndinkakung'unthira pachitenje, phu phu phu, ndinkasefa ndi sefa yanga ya ufa, ndinkabwerera kunyumba ndili tuu mpaka nsidze. Kabeseni kanadzaza.

Amuna anga anati mabwana amathira simenti yoyera ndi kuikankha ndi kalabala. Ife tinali ndi yotuwa ndi zala. Anaisakaniza ngati phala la khanda, nati:

"Bamake mwana, kanikizani mpaka pansi, ndipo mupukute isanaume. Mwala uwu umamwa."

Ndinawauza kuti ndinakula ndikuzira nyumba ya amayi anga, chala changa si mlendo. Ndinagwada ine, ndinakanikiza ine, ndinapukuta ine, nyimbo ya kwaya ili pakamwa, khungu la zala likusendeka. Pakona imodzi mayi wina anabwera kudzapempha mchere, nkhani inakoma, simenti inauma. Pamenepo panatsala chifunga chosachoka. Tinaikapo ndowa.

Mvula inabwera Lachiwiri masana, yamphamvu, yosapumira. Tonse tinakhala pabedi, mwana pamiyendo panga, maso pamipata. Pansi sipanatuluke ngakhale dontho. Madzi analowera pakhomo, monga alendo onse, nafika m'akakolo.

Ataphwa ndinatenga tsache ndi saka. Kusesa, kupukuta, basi pauma gwa. Kwa aneba matope anakhala mpaka mvula itatha, nsapato zikuchita nkhungu pansi pa bedi. Mwana wanga anayala mphasa yake tsiku lomwelo, anagona pouma, anakhosomola pang'ono, kenako anayamba kuliza mkonono. Lero ndi kondakitala wa minibasi. Mawu ake amamveka kuchokera kumsika.