Madiwa a bambo Yoswa ndi nkhuku za a Abida

A Yoswa anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo ntchito yawo inali makoswe. Kuyambira ku Mishoni mpaka kufupi ndi Songani, m'nkhokwe mukayamba kukukutika, oitanidwa anali iwo. Ankafika ndi mtedza wokazinga, timitengo ndi luzi, n'kutola miyala yaphanthiphanthi yotchera madiwa. Asanagwire diwa ankadzola phulusa m'manja kuti fungo la munthu lisatsalepo. Miyendo ya nkhokwe ankaiveka zitini kuti khoswe aziterereka. Mankhwala ankawakana, amati pakhomo pamayenda ana ndi nkhuku. Potchera sankalola munthu kutchula khoswe, ati amamva. Ankati "alendo".

Ine Silasi sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma pakamwa ndinapitiriza. Ndinkawatchula kuti a DC a makoswe, ndipo ndikawapeza atagwada pansi pa nkhokwe ndinkatchula dzina loletsedwalo dala, katatu. Iwo ankangopukusa mutu.

Mu 1993, chitatha chilala chija, chimanga chinacha ndipo makoswe anaswana. Akazi anga a Esinati anaitana a Yoswa. Anatchera madiwa asanu n'kutiuza kuti tidikire sabata. Ine kudikira sindikutha. Ndinagula kaphukusi ka mankhwala pa Songani, ndinasakaniza ndi gaga, n'kuwaza kuseri kwa nkhokwe osauza munthu. Ndinkafuna ndiwaonetse mulu wa makoswe kuti ndiwaseke bwino.

Amene anadya si alendo ayi. Zinali nkhuku za a Abida, mayi wamasiye woyandikana nafe, zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi tambala amene ankasungira chikondwerero cha Idi. Zonse zinafa. Anthu atasonkhana anafunsana kuti dzulo pano panali ndani. Yankho linali limodzi: a Yoswa. Wina anati kani madiwa aja n'chiphamaso, mkuluyu amathira mankhwala mobisa. Ine ndinali pomwepo, manja kumbuyo. Tsiku limenelo lokha pakamwa panga panatsekeka.

Inatha miyezi itatu popanda woitana a Yoswa. Ana ankawaloza kuti opha nkhuku. Iwo sanadzikanire kwa aliyense.

Tsiku lina masana anabwera kudzatenga timitengo tawo. Atamaliza anayang'ana kuseri kwa nkhokwe, kenako ine.

"A Silasi, gaga uja munawaza poyera. Mlendo sadyera poyera, amatsata khoma."

Anatsanzika bwinobwino n'kumapita. A Esinati anali pakhonde, anamva zonse, ndipo sanandilankhule mpaka Loweruka.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaima pakhomo n'kunena kuti wopha nkhuku za a Abida ndine. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ati Silasi wayambanso. Ndinabwereza, anasekanso kuposa poyamba. Mkulu wa mpingo anandigwira mkono nati za nthabwala ndikachitire kumsika.

Amene anakhulupirira ndi a Abida okha, nditawapititsira misoti iwiri ya a Esinati. A Abida anayesa kuuza anzawo kudambo, koma nkhani yoyamba ija inali itakhazikika kale.

A Yoswa sanatcherenso pakhomo pa munthu. Ankangolima chinangwa mpaka anamwalira mu 1998. Miyala yawo isanu ikadali kuseri kwa nkhokwe yanga. Makoswe amadutsapo, ndipo ine masiku ano ndimawatchula kuti alendo.