Nyama ya Pamsewu wa ku Muchea

Bambo Dunstan Wakisa sanali wakuba, ndipo wofuna kutsutsa zimenezi ayambe watchula chimene anaba ndi mwini wake. Anali dalaivala wa lole yonyamula zakudya kuchokera ku nyumba yosungiramo katundu ku Welshpool kupita ku magolosale a m'matauni ang'onoang'ono a kumpoto kwa Perth. Anabadwira ku Karonga, anakulira ku Kawale, anayendetsa mathanki a mafuta pamsewu wa ku Dar es Salaam zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anafika ku Australia mu 2009 ndi akazi awo, Mayi Kate, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Lusubilo. Pampingo wa Amalawi wosonkhana mu holo yobwereka ku Cannington anali mkulu wa mpingo. Mowa sankaudziwa, ndipo sanapatsidwepo ngakhale kalata imodzi yothamangitsa galimoto. Komabe munthu ameneyu ananama kwa chaka chathunthu ndi miyezi iwiri, ndipo pamapeto pake mayi wina anathyoka mwendo.

Zinayamba mu Meyi 2020, mliri wa Kovidi utatseka malire ndi kuchotsa anthu ambiri pantchito. A Wakisa ntchito yawo sinaime, pakuti mliri suletsa anthu kudya. Tsiku lina m'mbandakucha, kuli chifunga, ali pamalo ena okhota pamsewu wa ku Muchea, anamva kugunda kwamphamvu kutsogolo kwa lole. Anatsika akuyembekezera kuona kangaru, koma chimene chinagona m'mphepete mwa tala chinali gwape.

Agwape akunowa si timagwape takwathu tija. Ndi aatali, amuna ake ali ndi nyanga zanthambi, ndipo si nyama zobadwira m'dziko muno. Anthu anabwera nawo kudzaweta, ena anathawa m'mafamu nkuswana m'tchire. Amadya mbewu za alimi, amagwetsa mipanda, ndipo kukamacha amadumpha msewu osayang'ana uku kapena uku.

A Wakisa anaima pamenepo kanthawi. Nyamayo inali yofunda, yonenepa, yosaphwanyika kwina kulikonse kupatula khosi. Munthu amene anakula akuona anthu akugawana ngakhale ziboda sangathe kusiyira akhwangwala nyama yotere, ndipo owerenga amene akudziona ngati akanaisiya adzifunse kaye ngati anagonapo ndi njala. Anaikokera kumbuyo kwa lole, naiphimba ndi makatoni. Madzulo anaisenda mu galaja, nagawa monga amagawira kwawo. Mwendo unapita kwa a Overtone, wamkulu pa onse mumpingomo. Chiwindi chinapita kwa mayi wina amene anali atangochira. Nthiti zinapita kwa ophunzira anayi amene ntchito zawo zokolopa m'maofesi zinali zitatha.

Atafunsidwa kumene nyamayo yachokera, anayankha kuti mnzawo wina wa famu wawapatsa mbuzi.

Bodzali linali ndi mizu iwiri. Woyamba unali mantha, chifukwa lole ya zakudya sinyamula nyama yakufa, ndipo abwana akanamva, ntchito ikanatha. Wachiwiri unali wakale kwambiri. A Wakisa analeredwa ndi amalume awo otchera misampha, amene sankauza ngakhale mkazi wawo chigwa chimene akolamo nyama. Malo abwino amabisidwa. Kwawo chimenechi chinali nzeru, ndipo iwo anawoloka nacho nyanja osachifunsa ngati chikugwirabe ntchito.

Gwape woyambayo anamugunda mwangozi, ndipo palibe khoti limene lingawazenge mlandu. Asanu ndi mmodzi otsatirawo sanawagunde iwo, anagundidwa ndi magalimoto ena amene anadutsa patsogolo. Koma a Wakisa anayamba kunyamuka ku Welshpool mofulumirako kuti afike pokhotapo dzuwa lisanatuluke. Anaphunzira kupisa dzanja pansi pa mwendo wakutsogolo kuti amve ngati nyama ikadali yofunda. Kuseri kwa mpando wawo kunayamba kukhala mpeni wonola, lona ndi magolovesi. Munthu wonyamula mpeni ndi lona sakuopanso ngozi, akuiyembekezera.

Kumpingo anawapatsa dzina lakuti a Mwinikhola. Pagulu la mpingo la pa Watsapu pankabwera zithunzi za mbale zofuka, ndi mawu othokoza. Iwo ankayankha kuti ulemerero upite kumwamba, koma dzinalo linkawakomera, ndipo sankalikana.

Lusubilo nyamayo sanailawe. Anasiya kudya nyama ali ku yunivesite, chinthu chimene bambo ake ankachitcha matenda a ophunzira, ndiponso ankakhala ndi anzake ku Ellenbrook. Ankagwira ntchito ku bungwe lina la alimi lolimbana ndi nyama zowononga. A Wakisa ankauza anthu monyadira kuti mwana wawo amawerenga nyama za boma, koma sanakhalepo naye pansi kumufunsa kuti amaziwerenga motani.

Mu Julaye 2021, Mayi Dora, a mumpingo womwewo, amene ankasamalira okalamba pa nyumba ina kumpoto, anagunda gwape wamwamuna pamalo omwe aja akupita kuntchito ya m'mawa. Galimoto yawo inali yaing'ono. Inagubuduka, ndipo anathyoka mwendo ndi nthiti zitatu.

Kuchipatala ankalola anthu ochepa okha pa tsiku, ndipo mpingo unatuma a Wakisa. Analowa atavala masiki, atanyamula malalanje. Mayi Dora anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"A Mwinikhola, mwabwera? Khalani apo. Ndinakumana nayo mbuzi yanu ija, ili moyo."

"Mukuti bwanji, achemwali?"

"Ndikuti mbuzi yanu. Inandiyang'ana m'maso isanalowe pagalasi. Mnzanu wa famuyo mumuuze kuti khola lake lili ndi chiboo."

A Wakisa anaseka pang'ono kuseri kwa masiki.

"Musadzivutitse, achimwene," anapitiriza mayiwo. "Ine ndaphika mbuzi kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mbuzi yanji ya mwendo wautali ngati wa munthu wosewera mpira wamanja? Azimayi tonse tinkadziwa kuti ndi yam'tchire. Tinangoti tidye, abambowa asachite manyazi. Chimene sindinkadziwa ndi malo ake. Mukanandinong'oneza ine ndekha kuti pokhota paja ndizichepetsa liwiro, sindikanauza munthu."

Sanalankhule mokalipa, ndipo ndi chimene chinawalasa kwambiri. Anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene anapempherapo, natuluka ataiwala chipewa pampando.

Lamlungu lotsatira masana Lusubilo anabwera kudzadya kwa makolo ake, ali ndi kompyuta yake. Nkhani ya Mayi Dora inali itamufika kuntchito isanamufike kumpingo. Anatsegula mapu patebulo, nalankhula m'Chingerezi monga mwa chizolowezi chake, bambo ake akumuyankha m'Chichewa.

"Dadi, onani. Kadontho kalikonse ndi gwape wogundidwa. Lachisanu lililonse anthu odzipereka amayenda m'misewuyi kuwerenga zakufa, ndipo madalaivala ena amatitumizira zithunzi. Pamene madontho achuluka timapempha chikwangwani chochenjeza, ndipo timatumiza alenje ovomerezeka kukachepetsa gulu la agwapewo. Koma apa, pamene Anti Dora anagubuduka, palibe kadontho ngakhale kamodzi chaka chonse. Alimi ankatiuza kuti agwape alipo, ine ndinkawatsutsa pamsonkhano. Ndinawauza kuti manambala sanama. Alenje tinawatumiza kwina."

Mayi Kate, amene ankadziwa zonse chifukwa ndiwo ankatsuka lona, anadzuka nkupita kukhitchini.

"Analipo asanu ndi awiri," anatero a Wakisa.

"Chiyani?"

"Agwape. Pamalo pamenepo. Anzakowo ankafika Lachisanu, ine ndinkafika tsiku lililonse."

Mwanayo anachita chimene sanachitepo kuyambira ali wamng'ono, anawayankha m'Chichewa, chopindikapindika koma chomveka.

"Ndiye munadya mapu anga."

"Tinadya ndi mpingo wonse, mwanawe."

"Musalowetsemo mpingo, ababa. Mpingo sunanyamule mpeni."

A Wakisa anapempha kuti angoika madontho asanu ndi awiriwo mwakachetechete, popanda dzina. Lusubilo anakana. Lipoti lopanda dzina la woona, tsiku ndi umboni sililowa pamapu, ndipo iye sakanayamba kupeka madontho chifukwa chakuti wopempha ndi bambo ake. Masiku ake a Wakisa sanawasunge. Umboni wokhawo unali m'mafoni a anthu a mumpingo, m'zithunzi za mbale zija, chilichonse chili ndi tsiku lake, zina zikuonetsa ngakhale mwendo wosaphika. Pagulu la pa Watsapu zambiri zinali zitafufutika. Kuti azipeze, anayenera kuzipempha kwa eni ake ndi kunena chifukwa chake.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse ya munthuyu. Akanatha kukhala chete. Azimayi anali atawasungira chinsinsi chaka chonse ndipo akanapitiriza. Mayi Dora sakanawatengera kulikonse. Dzina la Mwinikhola likanatsala loyera, pokhota paja pakanatsala popanda chikwangwani, ndipo wina akanagubuduka. Anakhala masabata awiri akuyesa mbali zonse ziwiri, ndipo kunena zoona, sabata yoyamba anaitha akufunafuna njira yothawira.

Lamlungu lachitatu, nthawi ya zolengeza itakwana, anaimirira. Mipando inali yotalikirana monga mwa malamulo a mliri, kotero panalibe munthu wobisalako kumbuyo kwake. Ananena kuti kunalibe mnzawo wa famu, kunalibe mbuzi, ndipo anafotokoza za mpeni ndi lona, za mapu a mwana wawo ndi za mwendo wa Mayi Dora. Anapempha aliyense amene ali ndi chithunzi cha nyama ija kuti awatumizire. Mawu awo, amene ankadzaza holoyo akamatsogolera nyimbo, tsiku limenelo sankafika kumzere wachinayi.

Kenaka a Overtone, amene analandira miyendo isanu ndi iwiri yonse, anakonza kummero.

"A Wakisa, ine ndadya mbuzi zambiri pamoyo wanga. Yachiwiri ija ndinaikayikira. Yachitatu ndinasiya kukayikira chifukwa inali yokoma. Khalani pansi. Zithunzi ndili nazo zonse, mdzukulu wanga akutumizirani."

Anthu ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Kusekako sikunawapeputse a Wakisa. Anapempha kuti apume paudindo wa ukulu wa mpingo, ndipo palibe amene anawakakamiza kwambiri kuti atsale. Kuntchito anakanena okha, analandira kalata yochenjeza, yoyamba m'moyo wawo, ndipo anaisunga m'kabati pamodzi ndi mapasipoti.

Madontho asanu ndi awiri analowa pamapu, lililonse lili ndi dzina lakuti Dunstan Wakisa pambali pake. Lusubilo anakaimanso pamaso pa alimi amene anawatsutsa aja, nawauza kuti anali olondola ndiponso kuti wochotsa umboniyo anali bambo ake omubereka. Alenje anapita kuderalo miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo chikwangwani chachikasu chinaimikidwa chaka chisanathe. Mayi Dora anabwerera kuntchito, koma amatsimphina, ndipo kukazizira amayenda ndi ndodo. Akakumana ndi a Wakisa pakhomo la holo amawapatsa moni wa dzina lakale lija, a Mwinikhola, ndipo iwo amavomera, chifukwa alibe ufulu wolikana tsopano pamene linayamba kuwawa.

Mu Epulo 2022 anapezanso gwape pokhota pomwe paja, wamkazi, wongogundidwa kumene. Anaimitsa lole, natsika. Dzanja linapita lokha pansi pa mwendo wakutsogolo, ndipo nyamayo inali yofunda. Anaganiza za ophunzira aja, anaganiza za amalume awo, amene akanawatcha chitsiru. Anatulutsa foni, najambula, natumiza kwa mwana wawo pamodzi ndi tsiku ndi malo. Kenaka anaikokera kunja kwa tala, pamalo oonekera bwino kwa anthu a Lachisanu, nakwera lole.

Pobwerera masana anapeza akhwangwala atayamba kale. Anadutsa akuyang'ana kutsogolo, manja onse awiri ali pachiwongolero.