Tsiku Limene Mlimi wa ku Wimbe Anakalankhula Pamaso pa Aphungu

Ndinanyamuka kwathu ku Wimbe mame asanaume, nditavala chilundu changa cha ku tchalitchi. Ndine wapampando wa kalabu yathu ya alimi a fodya, ndipo anzanga anandisankha kuti ndikawalankhulire ku Lilongwe. Komiti ya aphungu inaitana anthu kudzapereka maganizo pa lamulo latsopano loti aliyense wopita kwa aphungu kukawanyengerera m'malo mwa kampani kapena gulu azilembetsa dzina, dziko lizidziwa kuti akulankhulira ndani. Ife nkhaniyi imatikhudza. Malamulo a fodya amasintha tili kumunda, ndipo timangomva mphekesera kuti ena anaonana kale ndi aphungu ku hotela.

Wakabaza wa njinga yamoto anandilipiritsa masauzande atatu mpaka pa boma la Kasungu. Anathamanga ngati wamva kuti nyumba yake ikupsa. Ndinamugwira malaya n'kukuwa kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono! Aphungu akufuna ndikafike ndi mano onse!" Iye anangoseka, fumbi lili koboo pambuyo pathu.

Pa depoti anandidikira a Phiri, mkulu wa mpingo wochokera ku Njombwa, amene alimi akwawo anawatumanso. Anavala jekete lomwe anakwatira nalo, mabatani akukanika kukumana. Tinakwera minibasi ya masauzande khumi ndi awiri aliyense, anayi pampando wa anthu atatu, thumba la mtedza lili pamapazi panga.

Titadutsa Chinkhoma, bambo wina wa chisoti choyera, mwini golosale pa Madisi, anatifunsa kumene tikupita titatchena chonchi. A Phiri anafotokoza zonse.

"Zabwino," anatero bamboyo. "Koma ofesi yolembetsa anthuwo adzailipirira ndani? Lamulo ndi losavuta kulemba. Galimoto yoyendera ndi mafuta ndiye nkhani."

Funsolo linandikhala m'mutu njira yonse. Pa Mponela tinagula tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi, ndipo a Phiri anadontheza mafuta pa tayi. Anapukuta ndi mpango, banga n'kukulirakulira. "Aphungu adziwe kuti tadya," anatero.

Pa Kanengo tinadutsa malole odzaza mabelo a fodya atandandalika m'mbali mwa msewu, madalaivala atagona pansi pa mthunzi wa magalimoto awo. Fungo la fodya linalowa pawindo ngati kwathu kwatitsatira. Apa m'pamene mantha amene ndinanyamuka nawo kwathu anandichokera. Ndinadziuza kuti mzindawu umaudziwa fodya wathu, lero udziwenso nkhope zathu.

Dzuwa lili pamutu tinafika ku Nyumba ya Malamulo. Ine ndinkangoiona pa kanema wa kusitolo! Apolisi a pachipata anatisecha mwaulemu, mayi wina n'kutilondolera kuchipinda chozizira ngati mwezi wa Juni, chokhala ndi tebulo lalitali ndi timaikolofoni. A Phiri anandinong'oneza kuti, "Mayi Banda, musakhudze kalikonse."

Woyamba kulankhula anali mnyamata wa suti woimira ogula fodya. Ndinkayembekezera kuti akana lamulolo, koma anati iwo ndi okonzeka kulembetsa. Kenako anaonjeza kuti popeza boma lilibe ndalama zokwanira, aliyense wolembetsa azilipira chindapusa chofanana chaka ndi chaka, ndipo ndalamazo ziziyendetsa ofesiyo.

Wapampando wa komiti, mayi wa magalasi, anatembenukira kwa ine. "Mayi, mukudziwa kuti inunso lero mwabwera kudzatinyengerera? Lamuloli likadutsa, kalabu yanu idzalembetsanso."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, chifukwa sindinaganizepo kuti ndili gulu limodzi ndi a masuti. Ndinadina kabatani ka maikolofoni, mawu anga n'kumveka chipinda chonse mpaka ndinadzidzimuka.

"Olemekezeka, kulembetsa sitikukana. Dzina langa lembani ngakhale pano. Koma chindapusa chikafanana, kampani idzalipira osamva kuwawa, ife tidzatsala panja pa chipata. Ndiponso ofesi ikamadya za anthu omwe ikuwayang'anira, idzawadzudzula bwanji? Ndalama zake zichokere m'bajeti ya boma, ndipo inu aphungu muziiitana chaka chilichonse idzafotokoze zimene yachita. Lamulo lopanda ndalama lili ngati chigafa chopanda denga, mvula yoyamba fodya yense waola."

Phungu wina anagwedeza mutu kukana, nati bajeti ndi yothina kale, zipatala zikudikira. Ananena zoona. A Phiri ndiwo anaimirira n'kupempha kuti ngati chindapusa chikhalepo, magulu a alimi ang'onoang'ono asamalipire. Wapampando anati mfundo ziwirizo zilowa mu lipoti lopita ku nyumba yonse, koma sangalonjeze kuti zidutsa.

Potuluka, mnyamata wa suti uja anatipatsa moni wa manja awiri, nati agogo ake ndi a ku Chisemphere. Tinacheza pang'ono za mvula ya chaka chino, kenako aliyense analowera kwake, iye ku galimoto, ife kokwerera minibasi.

Ndinafika ku Wimbe dzuwa litalowa kumene, amayi a m'kalabu atakhala pakhonde panga kudikira. "Mwawaona? Anakumverani?" Ndinawauza zonse, osabisa kuti lamulolo likhoza kutuluka mosiyana ndi zomwe tinapempha. Chimene ndinaphunzira n'chakuti m'chipinda chija munali mpando wathu kuyambira kale, ife tinkangouopa. Mayi Mwale, amene salankhula pamsonkhano, anafunsa kuti komitiyo idzakhalanso liti, chifukwa ulendo winawo nawonso akufuna kupita.