Galu wa Mpunga ndi Maungu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adadi anabwera ndi kagalu m'katoni ya sopo. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Area 12, m'nyumba ya boma yokhala ndi bwalo lalikulu, mitengo ya mango kuseri, ndi mpanda wa maluwa wodzaza mipata. Akuba anali atalowa kwa aneba athu n'kuzula batire ya galimoto, choncho adadi anaganiza kuti pakhomo pafunika galu. Anakamutenga kwa mnzawo wina, mmwenye wa sitolo ya zitsulo ku Area 2, amene galu wake anali ataswa.

"Ameneyu akakula palibe adzayerekeze kudumpha mpanda," anatero adadi akutsitsa katoniyo pakhonde. "Bambo wake ndi chigalu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe."

Ndinasuzumira. Kanali kofiirira, ka makutu ogwa, ndi mapazi aakulu osayenerana ndi thupi lake. Kananyambita chala changa, ndipo chifukwa cha mtundu wa ubweya wake, wonga wa switi ya tofi, ndinakatcha Tofi.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Tofi ankadya zimene agalu onse amadya: mkute wonyika mu msuzi, mafupa, zotsala m'mbale. Kenako m'mawa wina ndinapeza pakhonde la kuseri pali poipa. Tofi anali atatsegula m'mimba ndi kusanza, iye ali khale pakona, maso ali pansi ngati akudziwa kuti waipitsa. Amami anati mwina wadya chule. Patapita masiku anachira, n'kuyambanso kuthamangitsa agulugufe pa kapinga. Tisanaiwale n'komwe, zinayambiranso.

Umu ndi mmene moyo wa Tofi unakhalira. Sabata ino ali bwino, sabata yamawa wagona. M'mimba mwake munkalira moti ndinkamva ndili patali, ngati madzi akudutsa m'paipi. Mapazi ankakula koma thupi ayi. Nthiti zinayamba kuonekera, ubweya unasiya kuwala, ndipo akayesa kuuwa pageti mawu ankatuluka osasa, omvetsa chisoni.

Adadi sanali munthu wouma mtima. Anapita naye kuchipatala cha ziweto kangapo, ine nditamufukata kumpando wakumbuyo pa thumba lakale la ufa. Ndimakumbukirabe fungo la mankhwala okolopera m'chipinda chija, ndi kuzizira kwa tebulo lachitsulo limene Tofi ankanjenjemerapo. Adokotala ake anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba. Anamubaya jakisoni. Anayeza chimbudzi, anayeza magazi. Ulendo uliwonse tinkabwerera ndi kabotolo katsopano ndi chiyembekezo chatsopano, ndipo ulendo uliwonse matenda ankabwerera mankhwala akangotha.

Tsiku lina adokotala aja anavula magalasi n'kuwayang'ana adadi.

"Bambo, ndisakunamizeni. Zimene ndimaganizira zonse ndayeza, sindinapeze kanthu. Chikumuvuta galuyu sindikuchidziwa."

Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu, wophunzira, akunena poyera kuti sakudziwa. Ndinachita mantha kuposa mmene ndikanachitira akanatchula matenda oopsa.

"Ndiye titani?" anafunsa adadi.

"Chotsala n'chakudya. Musiye kumupatsa zotsala. Muyambe ndi mpunga wophika wopanda mchere ndi mafuta, pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Mukafuna kuwonjezera china, muwonjezere chimodzi chokha, muone mmene m'mimba mwachilandirira. Koma imeneyi ndi ntchito. Imafuna munthu woti aziyang'ana tsiku ndi tsiku."

Pobwerera tinaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto pafupi ndi mlatho wa Lilongwe. Dzuwa linkaswa mtengo, ma minibasi akuimba mahutala, anyamata akugulitsa nthochi ndi mayunitsi m'mawindo. Adadi ankagogoda chiwongolero ndi zala. Kenako analankhula osacheuka.

"Mphatso, ine ndimafuna mlonda, osati wodwala. Ine ndi amako timachoka m'mawa, timabwera madzulo. Galuyu tikamusiye kumudzi, kapena adokotala amubaye jakisoni woti apumiretu. Kumusunga chonchi n'kumuzunza."

Ndinkadziwa kuti kumudzi akadya madeya ndi zimene watola kudzala, ndipo sakatha mwezi. Tofi anali atatsamiritsa chibwano pabondo panga, mpweya wake wofunda ukundiwomba pakhungu.

"Adadi, ndizimuphikira ine."

"Iwe? Tiyi amene umachita kukumbutsidwa kuti wawira?"

"Ndiziphika. Ndizikolopanso."

Anandiyang'ana pagalasi kwa kanthawi. "Chabwino. Kuyambira lero ndi wako. Koma amako asagwire chokolopera chifukwa cha galu ameneyu, ndipo kusukulu ndisamve kuti watsika. Zikakukanika udzanene wekha."

Amami anandipatsa kapoto kakale kopindika chogwirira. Ndinkadzuka anthu ena asanadzuke, n'kuyamba ndayendera khonde ndi kapinga kuti ndione mmene Tofi wachitira. Mwana wamkazi amene kale ndinkathawa ndikaona mphemvu, tsopano ndinkawerama n'kumayang'anitsitsa chimbudzi cha galu, kuona ngati chalimba kapena chili ndi mamina. Kenako ndinkatenthetsa mpunga, kuupoletsa, kumupatsa, ndiye n'kukasamba. Pobwera kusukulu yunifolomu ndinkavula nditamudyetsa kaye.

Mpunga wokha unakhazikika. Ndinawonjezera maungu ophwanya, nawonso anakhazikika. Nyama ya nkhuku yowiritsa, yochotsa khungu, inakhazikika. Ndinayesa usipa poganiza kuti umupatsa mphamvu, ndipo anadwala mpaka ndinalira. Mkaka unali poizoni weniweni. Dzira lowiritsa ankalilandira likakhala theka, lathunthu ayi. Chilichonse chokhala ndi mafuta, ngakhale kachidutswa ka chitumbuwa, chinkamugwetsa. Zonsezi ndinaziphunzira ndi chokolopera m'manja.

Loweruka ndinkapita ndi amami kumsika waukulu ku Old Town. Iwo akusankha tomato ndi nyemba, ine ndinkagogoda maungu ndi chala kufuna okhwima, ndi kufunsa mpunga wosweka umene anthu ambiri saufuna. Mayi wina wogulitsa maungu atamva kuti ndi a galu anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kuitana anzake kuti adzaone mwana wa ku Area 12 wophikira galu ndiwo. Kusukulu nako nkhani inafika, anzanga n'kuyamba kunditchula kuti nesi wa agalu. Zinkandiwawa, koma ndikafika pageti n'kuona Tofi akugwedeza thupi lonse pondilandira, ndinkaiwala.

Vuto lalikulu linali lakuti Tofi sankadziwa kuti ndi wodwala. Ankatola chilichonse: mango owola, mafupa amene akhwangwala agwetsa, ngumbi zikatuluka mvula yoyamba. Sindikanatha kusesa bwalo lonse lija. Choncho ndinayamba kumuphunzitsa mawu amodzi. Ndinkaika kachidutswa ka buledi pansi, iye akati atole, ine n'kuphimba ndi dzanja n'kunena kuti, "Siya!" Akabweza mutu ndinkamupatsa kanyama ka nkhuku kochokera m'dzanja linalo. Tinachita zimenezi madzulo aliwonse pansi pa mtengo wa mango, mpaka anafika poti ndikangoti "siya", ankakhala pansi n'kundiyang'ana kumaso.

Panadutsa nyengo yaitali ali bwino. Nthiti zinabisika, ubweya unayamba kuwala. Mumtima ndinati ndamuchiritsa. Ndiye tsiku lina, popanda chimene wadya, popanda chimene ndasintha, ndinamupeza wagona pambali pa thanki ya madzi, wasanza, maso alowa. Ndinafufuza bwalo lonse kufuna chimene watola, osapeza kanthu. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira mokweza.

Amami anatuluka atavala kale za kuntchito. Anakoka mpando wa pulasitiki n'kukhala pafupi nane.

"Ndalakwitsa chani, amami? Ndapanga zonse."

"Sunalakwitse kanthu," anatero akundipukuta ndi m'mphepete mwa mpango wawo. "Si nthawi zonse zinthu zikavuta pamakhala wolakwa. Thupi lake ndi lotero basi. Lero sakufuna kuti upeze chifukwa. Akufuna madzi, ndi munthu woti akhale naye pafupi. Zimenezo ukhoza?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinasungunula shuga ndi kamchere m'madzi owiritsa monga anandiphunzitsira adokotala, n'kumamumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono. Atatha kumwa anayamba kunyambita madzi a mpunga, kenako mpunga weniweniwo. Anadzuka. Kuyambira pamenepo masiku oipa akabwera sindinkanjenjemeranso. Ndinkadziwa poyambira, ndinkadziwanso pamene pafunika kuwauza adadi kuti ulendo uno tipite kuchipatala.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la chinkhoswe cha msuweni wanga, chimene chinachitikira pabwalo pathu chifukwa panali malo. Anakhoma tenti, anabwereka mipando, ndipo kuseri amuna ankawotcha nyama ya mbuzi. Utsi wa mafuta unadzaza paliponse. Tofi ndinali nditamutsekera m'chipinda chosungira makasu, koma mwana wina anatsegula chitseko. Ndikutuluka m'khitchini ndi beseni la mbale, ndinamuona Tofi ataima kutsogolo kwa amalume aakulu, mchimwene wawo wa amami, mchira ukugwedera.

Amalume amenewa ndiwo anali mwini mbumba. Akalankhula, ngakhale amami ankakhala chete. M'dzanja mwawo munali fupa lokhala ndi chinyama chonona, mafuta akuchucha.

Ndinatula beseni, ndinathamanga, ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Amalume, pepani. Musamupatse. Amadwala m'mimba."

Anandiyang'ana kuchokera pamwamba. "Iwe mwana, galu anayamba liti kudwala ndi nyama? N'chifukwa chake ali wowonda chonchi, mukumumana."

Azibambo amene anali nawo anaseka.

"Zoona amalume, akadya zamafuta amatsegula m'mimba mpaka kufuna kufa. Amadya mpunga ndi maungu."

Apa ndiye anaseka onse, wina mpaka kutsamwa ndi chakumwa. "Agalu a m'tauni!" anatero amalume, n'kuponya fupa lija pansi, patsogolo penipeni pa mphuno ya Tofi.

Sindikanatha kuwalanda amalume chinthu m'manja, ndipo kulimbirana fupa ndi galu pamaso pa alendo kukanakhala chipongwe. Ndinangotsala ndi mawu amodzi aja. Ndinawanena ndili chigwadire, osakuwa.

"Tofi, siya."

Mutu wake unali utatsika kale. Unaima. Mphuno inkanjenjemera, dovu likugwera pa kapinga. Galu amene sanalaweko nyama yowotcha kwa miyezi yambirimbiri anayang'ana fupa lija, kenako anayang'ana ine, n'kukhala pansi.

Kuseka kuja kunatha. Ndinatola fupalo n'kuliika m'mbale ya zotaya. Ndinkadikira kukalipiridwa chifukwa chotsutsa akuluakulu pagulu. M'malo mwake ndinamva mawu a adadi kumbuyo kwanga. Anali ataima ndi mbano zotembenuzira nyama, ndipo zonse anaziona.

"Alamu, mumvereni ameneyo. Galuyu ine ndinali nditamutaya kale, adokotala nawo anakweza manja. Ali moyo chifukwa cha mwanayu. Pa nkhani ya Tofi, wamkulu pakhomo pano ndi iyeyu. Ngakhale ine ndimayamba ndapempha."

Amalume anayang'ana galu, n'kuyang'ananso ine. Kenako anapukuta zala pa kansalu n'kupukusa mutu.

"Mbuzi yowotcha, galu n'kuisiya chifukwa mwana wanena? Ine ana anga enieni sandimvera chonchi." Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina. "Dzuka, mwanawe. Pita ukamupatse maungu akewo."

Ndinayenda kupita kukhitchini Tofi ali pambuyo panga, ndipo ndinkamva ngati ndatalika. Adadi sanali munthu woyamikira pakamwa. Mawu amene ananena tsiku limenelo, pamaso pa abale onse, ndimawasungabe.

Tofi sanakule ngati bambo wake. Anakhala galu wochepa thupi, wa miyendo yaitali, koma mawu anabwera, ndipo ankauwa mokwanira moti ogulitsa makala ankaima patali ndi geti. Masiku oipa sanasiye kubwera, kungoti anatalikirana. Nditapita kusekondale yogonera konko, adadi ndi amene anatenga kapoto kaja, ndipo patchuthi ndinkawapeza m'mawa atavala taye, akuphwanya maungu ndi foloko. Tofi anafa atakalamba, ndevu zitayera, ine ndili kale pantchito. Dzina la matenda ake sitinalidziwe mpaka lero.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kusamala wodwala ndi njira yongodutsamo popita kokachira, ndipo kuti akapanda kuchira ndiye kuti wosamalayo walephera. Pano ndaona anthu ambiri, ena a m'banja mwathu momwe, akukhala ndi matenda amene madokotala amangowayeza osawapeza. Ndaona mmene achibale amatopera, n'kuyamba kufunafuna woti amuloze chala. Ine zimenezo sizindidabwitsa, koma sizinditenganso. Ndinaphunzira msanga kuti ukhoza kusadziwa chimene chikumudya wina, n'kudziwabe chimene akufuna lero, ndi kumupatsa, mawa n'kudzukanso kudzachita chimodzimodzi.

Ndikafotokoza nkhaniyi anthu amakonda kufunsa kuti, "Ndiye anachira?" Ndimawayankha kuti ayi, sanachire. Anakhala ndi moyo, wautali ndi wokoma, ndipo amene anaugwirira ntchito moyo umenewo ndinali ine.