Taiti ya M'jumbo Yakuda

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, sindikumbukira kuti anayendapo pang'onopang'ono. Pamene ankakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri n'kuti atakwera kale mtengo uliwonse wa mango m'dera lathu, ndipo eni mitengoyo ankamuzindikira ndi mapazi, poti ndi okhawo ankaoneka m'masamba. Pa fulaye anzake ankamulimbirana. Mpira ukamubwerera sankangolewa ngati ana ena; ankadzigwetsa ndi mawondo n'kutsetsereka pamchenga, botolo lili m'manja.

Vuto linali mawondo omwewo. Kwathu kuno ku Mangochi mtsikana wopita ku madrasa amavala taiti mkati mwa diresi kuti miyendo isaoneke, ndipo mwana wangayu taiti ankaitha ngati sopo. Ina inkakhala sabata, ina masiku atatu. Mayi ake anasoka zigamba mpaka zigambazo zinayamba kufuna zigamba zawo. Tsiku lina amwalimu anamubweza bondo lili pamtunda. Mayi ake anachita manyazi pamaso pa amayi anzawo, ndipo anagamula mlandu ine ndili pompo.

"Bambo ake, iyi ndi yomaliza. Mukagule yolimba. Ikang'ambikanso, za fulaye zatha, za mitengo zatha. Akaweruka azikhala pakhonde pano n'kumasankha mpunga."

Mwanayo sanalire. Anangondiyang'ana, ine n'kudziguguda pachifuwa.

Ndinali nacho chodzigugudira. Ndimachita geni ya usipa, kukapikula ku Chembe n'kudzagulitsa pa boma, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo asodzi amandidziwa. Ndikhoza kunyoza usipa wabwinobwino mpaka mwini wake ayambe kuukayikira yekha. Nanga wa kaunjika akanandivuta pati?

Loweruka m'mawa ndinafika pamsika mkulu wina wogulitsa zovala za ana atangomasula belo. Anali munthu wamfupi, wa kofia yoyera, wa mawu omveka mpaka kudepoti. Ankaimba nyimbo yake ya masiku onse: "Yesani, yesani! Ikang'ambika pano ndi yanga!" Ndinavundukula mulu wa mataiti mpaka ndinapeza yomwe ndinkafuna: yochindikala, yolemera m'manja, pamawondo yosokedwa nsalu ziwiri. Mtima unati ndi yomweyi. Nkhope ndinaikwinya.

"Iyi mwaitola kuti, achimwene? Anavala agogo a mzungu?"

"Imeneyo ndi nambala wani, bwana. Mwana adzaisiyira mng'ono wake."

Ndinainyoza ulusi, ndinainyoza lamba, ndinanyamuka kawiri ngati ndikupita. Mkuluyo anagonja msanga, ndipo pamenepo ndi pomwe munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinatembenuka kuuza mayi wogulitsa tomato pafupi kuti aphunzireko kagulidwe. Potembenukanso, katundu anali kale m'jumbo yakuda, yomangidwa mfundo ziwiri. Mkuluyo anandipatsira ndi manja awiri, mwaulemu, n'kundidalitsa.

Mwana anaivala masana. Isanakwane nthawi ya swala ya madzulo anabwera akuyenda chammbali, atagwira diresi. Taiti inali itang'ambika kuchokera pabondo mpaka pakakolo. Nditaikweza kudzuwa ndinaona mtengo wonse wa mango kudzera m'nsaluyo, ndi mbalame yomwe. Pamawondo panalibe nsalu ziwiri. Anandisinthira ndili mkati modzitama.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti njirayo ndinkaidziwa. Ndi m'bale wake wa ija yoika usipa waukulu pamwamba pa chigoba, yomwe ndimangoimva kwa anzanga.

Ndinabwerera tsiku lomwelo, nsanza ili m'manja. Mkuluyo anaiyang'ana ngati sanaionepo chibadwire.

"Ndinati ikang'ambika pano, bwana. Pano. Kwanu sindikudziwako." Kenaka anakweza mawu kuti anzake amve. "Koma imeneyi wavala ndi mwana kapena mbuzi?"

Mzere wonse wa kaunjika unaseka. Mayi wa tomato uja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, n'kundifunsa ngati phunziro lija likupitirira. Ndinachoka makutu akutentha.

Kunyumba ndinachonderera. Ndinati lamulo linali la taiti yolimba, ndipo iyi sinali yolimba, choncho mlandu sunayambe. Mayi ake anandipatsa mpaka Loweruka lotsatira, koma anati pakadali pano mwana akhala pakhonde. Sabata imeneyo sindidzaiiwala. Ndikabwera kumsika ndinkamupeza atakhala ndi lichero pamiyendo, anzake akukuwa kuseri kwa mpanda, zala zake zakumapazi zikukumba dothi zokha. Sanandifunse chilichonse. Ndikanakonda akanandifunsa.

Ndinaganiza zambiri zomuchita mkulu uja, zina zosayenera munthu wopita kumzikiti. Ndinaganiza zokamuthira madzi a nsomba pa belo. Ndinaganiza zomudikira tsiku lomwe mkazi wake adzabwere kudzagula usipa. Koma nyimbo yake inkangolira m'mutu mwanga, ndipo Lachinayi, ndili pa lole yochokera kunyanja, ndinaimvetsa bwino. Ikang'ambika pano. Ndinaseka ndekha mpaka wokhala naye pafupi anasuntha.

Loweruka linali la kumapeto kwa mwezi, msika utadzaza. Ndinauza mwana kuti avale hijabu yake yoyera, ayang'ane pansi, ayende ngati wodwala malungo. Anayesetsa, mwana wa anthu. Tinafika amayi atazungulira mulu, ena atanyamula kale zosankha zawo paphewa.

"Salaam aleikum, achimwene. Zija zinatha, tisasungirane. Ndabwera naye mwini wake kuti ayese yekha."

Anamuyang'ana mwanayo, kamtsikana kowonda koyang'ana pansi, n'kumwetulira.

"Ayese, bwana, ayese."

"Mwati ikang'ambika pano ndi ya ndani?"

"Ndi yanga."

"Sindinamve, kuli phokoso."

"Wallahi ndi yanga!" anakuwa, kuti amayi aja amve kulimba kwa katundu.

Amayi awiri anatchinga ndi chitenje, mwana n'kuvala yoyamba. Ndinawerama n'kumunong'oneza: "Mama, chita monga umachitira pa fulaye."

Anandiyang'ana kuti atsimikize. Kenaka anabwerera m'mbuyo, anathamanga, n'kudzigwetsa ndi mawondo pa dothi louma la pamsika. Phokoso la nsaluyo linamveka ngati munthu akung'amba thumba la simenti. Anadzuka mawondo onse awiri ali panja.

"Pepani, achimwene, yanu imeneyo," ndinatero, n'kuiika bwinobwino patsogolo pake. "Tiyese ina."

Yachiwiri inapirira kutsetsereka, ndipo mkuluyo anayamba kupuma. Mwana anayang'ana uku ndi uku, anaona nsanamira ya shedi, n'kukwera mpaka kudenga. Potsika anachita kutsetsereka atakumbatira mtengowo ndi miyendo. Msoko unamasuka wonse. Yachitatu sinafike n'komwe kunsanamira. Anangonjuta kamodzi n'kudumpha ngalande.

Apa n'kuti anthu atasiya zogula. Okwera njinga za kabaza anaima, wina akuwerengera mokweza ngati zigoli. Ndinaona amayi aja akutsitsa paphewa zomwe anasankha, mmodzimmodzi, n'kumazikweza kudzuwa. Wina anasuzumira m'nsalu n'kunena kuti akuona mlatho wa Shire. Sindibisa, mtima wanga unkavina. Nditati ndifotokoze kukoma kwake, ndinganene kuti kunaposa tsiku lomwe ndinagulitsa usipa wonse dzuwa lisanatenthe.

Mkuluyo anandigwira mkono, thukuta likutsika pansi pa kofia.

"Achimwene, tiyeni tikambirane pambali."

"Pambali pati? Mbuzi ija munaitchula pambali?"

"Ndinalakwitsa. Mwana ndi mwana."

"Ayi, ndi mbuzi. Mama, tenga ina. Yofiirayo."

"Dikirani!"

Anadzuka pa thumba lomwe ankakhalira, analimasula, n'kupisa dzanja mpaka pansi. Anatulutsa taiti yakuda, yolemera, ya nsalu ziwiri pamawondo. Ndinaizindikira ngati m'bale wanga. Sabata yonse munthuyu anali ataikhalira, kudikira wonenerera wina woti amuonetse.

Mwana anaivala. Anatsetsereka, fumbi kobo. Anakwera nsanamira n'kutsika. Anadumpha ngalande kupita ndi kubwera, anatsetserekanso pomwe pali timiyala. Anadzuka, anapukuta mawondo, ndipo panalibe ngakhale kaulusi kotuluka. Anthu anawomba m'manja. Pamenepo mwana wanga, magazi anga enieni, anakuwa msika wonse ukumva:

"Ababa, iyi! Iyiyi sindivula!"

Ndinaona nkhope ya mkuluyo ikubwerera m'malo mwake pang'onopang'ono. Anakonza kofia. Anakhalanso pathumba. Munthu wonenerera chida chake n'chimodzi, kunyamuka n'kumapita, ndipo ine ndikanapita bwanji mwana atakumbatira mawondo ake, khonde likumudikira kunyumba? Anatchula mtengo mofatsa, ngati akupereka moni. Unali woti n'kugulira diresi ndi nsapato zomwe.

"Achimwene, musatero. Ulusi wake mukauonetsetsa..."

"Ulusi wake tauona tonse, bwana. Mwatiyesera nokha."

"Perekani, bambo!" anakuwa mayi wa tomato. "Tiphunzireko kagulidwe!"

Ndinapereka. Chiyambire geni sindinaperekepo mtengo woyamba wa chinthu chilichonse, ngakhale singano, koma tsiku limenelo ndinapereka wonse, ndalama ya ulendo wa ku Chembe n'kulowa momwemo. Taiti imodzi ndinaigula kawiri. Atatambasula jumbo mwa chizolowezi, ndinamuuza kuti aisunge, katundu apita atavalidwa.

Kunyumba mayi ake anaikoka uku ndi uku, anaikweza kudzuwa, osaona kanthu. Anafunsa mtengo, ine ndinayamba kukamba za kutentha kwa chaka chino. Sanalimbikire. Anangotenga lichero pakhonde n'kulowa nalo m'nyumba, ndipo mwana anali atadumpha kale mpanda m'malo modzera pakhomo. Taiti imeneyo anaivala mpaka inafupika n'kufika m'katumba, osabooka.

Koma ine sindinakhululuke, ndisaname. Ndinayenda m'dera lathu lonse kuuza makolo a ana okwera mitengo kuti pamsika pali munthu wachifundo amene amalola kuyesa. Loweruka lotsatira kunapita atatu. Lotsatiralo mkuluyo anasintha nyimbo, masiku ano amangoti, "Sankhani, sankhani, kuyesa ndi maso." Timapatsana salaamu ngati anthu, ndipo usipa amagula kwa ine, atayamba wapisa dzanja mpaka pansi pa chigoba. Komabe ndikakhala ndi mpata ndimamutenga mwanayo n'kudzera dala mzere wa kaunjika, ngakhale tilibe chogula. Mkuluyo akangomuona patali amadzuka n'kukhalira mulu wa mataiti, manja atatambasula ngati nkhuku yofungatira, ndipo ine ndimayenda pang'onopang'ono kwambiri.