Jezi ya Nambala 14

Azakhali anga anayamba kuchapa majezi a timu ya m'dera lathu amuna awo akadali goloboyi wa timuyo. Bamboyo atamwalira majezi sanasiye kubwera, ndipo anthu anaiwala dzina la azakhali n'kumangowatchula kuti Mayi a Majezi. Lolemba lililonse kuseri kwa nyumba yawo kunkachita kufiira, malaya atandandalika pa waya kuyambira pa mpope mpaka pa windo la saluni yanga. Ine ndimaluka tsitsi pa windo pomwepo, choncho zimene ndikusimbazi ndinaziona ndi maso angawa, manja ali m'mutu mwa kasitomala.

Kachapidwe kawo sikankasintha. Majezi onse ankalowa m'beseni limodzi lalikulu lachitsulo, ndipo ankati timu yosasakaniza thukuta siingawine ngakhale itasewera ndi nkhalamba. Manambala anali a nsalu yoyera, osokerera pamanja ndi iwo omwe, poti a penti ankasweka akangochapidwa kangapo. Msana unkawapweteka, zala zinali zosendeka ndi sopo, koma kuwauza kuti apumule kunali kuputa mkwiyo.

Mwana anali naye mmodzi yekha, msuweni wanga, yemwe aliyense amamutcha Kaputeni chifukwa ndi amene amatsogolera timu. Ndi wowotcherera zitsulo, bambo wa ndevu zake, koma ankagonabe m'chipinda chakuseri ndipo zovala zake ankachapa ndi amayi ake. Ndinkamuseka kuti adzakwatira tsiku limene amayi ake adzathyoke dzanja. Azakhali ankandikalipira ndikatero. Mwana ameneyu ndiye anali mtima wawo wonse.

Chaka china akuluakulu a ligi analamula kuti timu iliyonse isamakane munthu chifukwa cha khungu kapena mtundu wake. Apa mphunzitsi wa timu anapeza mpata wobweretsa mnyamata wina wokonza mafiriji, amene ankamusirira kuyambira kale. Mnyamatayu anabadwira m'chipatala chomwe tinabadwira tonsefe, amalankhula ngati ife, ngakhale kutukwana amatukwana ngati ife. Koma makolo ake anachokera kutsidya kwa nyanja, khungu lake ndi loyera, tsitsi lake ndi losalala, ndiye anthu amangomutcha Mlendo. Anamupatsa jezi ya nambala 14.

Poyamba ankagoletsa, ndipo odana naye ankangomeza malovu, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma timu itayamba kugonja motsatizana, kuseri kwa mpanda wa bwalo kunayamba kumveka mawu akuti abwerere kwawo. Tsiku lina botolo linagwa pafupi ndi mapazi ake. Mphekesera nazo zinkafikira mu saluni mwanga zidakali zotentha: akuti thukuta lake lili ndi tsoka, akuti wosewera wina watuluka zidzolo kumsana chifukwa majezi amachapidwa pamodzi. Ndinkalumira mano, chifukwa onena zimenezi ndi omwe ankamuitana firiji ikafa.

Kenako kunabwera a Tcheya, wapampando wa timu. Anaima pafupi ndi mpope osakhala n'komwe pampando umene anapatsidwa.

"Mayi, jezi ya 14 ija muzichapa payokha. Beseni lake, waya wake."

"Yalakwa chiyani?" anafunsa azakhali.

"Anyamata akudandaula."

"Anyamata ake ati? Onsewo ndawaona akukwawa."

A Tcheya anangoponya maso ku chitseko cha chipinda chakuseri. Kaputeni anali ataima pamenepo, akuyang'ana pansi. Azakhali anamuyang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Ndamva."

Ndinakwiya nawo kwambiri, ndinkaona ngati agonja msanga. Lolemba lotsatira jezi ya 14 inachapidwadi mu ndowa yakeyake n'kuyanikidwa pa chingwe cha payokha, poti aliyense wodutsa aione. Koma Lachiwiri nditalowa m'nyumba mwawo kukabwereka machesi, ndinawapeza atakhala pa bedi ndi lezala m'manja. Anali akusosola ulusi wa nambala 14. Atamaliza anaisokerera pa jezi ina, ndipo nambala ya jezi inayo anaisamutsira pa ya Mlendo.

"Azakhali, mukutani?"

"Akufuna nambala ichapidwe payokha, ndiye ndikuichapa payokha. Za malaya sananene."

Sabata iliyonse ankatero. Malaya amene Mlendo wavala Loweruka, Loweruka linalo ankavala ndi wina, osadziwa. Za zidzolo sizinamvekenso. Timu inawina, inagonja, inawinanso, monga imachitira timu iliyonse.

Ine mtima sunali m'malo. Ndinawauza kuti zobisika sizikhalitsa, ndipo tsiku lina adzawalanda majezi.

"A Tcheya sindiwaopa, mano awo aubwana anagwa ine ndikuona," anatero, maso ali pa singano. "Ndikuopa wangayu. Akadzadziwa, kaya adzaima mbali iti."

Mantha awo anali ndi chifukwa. Kaputeni anali atasiya kudya kunyumba. Akaweruka ankakhalira pa shedi yowotcherera ndi anthu a kuseri kwa mpanda aja, ndipo ine ndikamadutsa nkhani inkaduka. M'bwalo anasiyiratu kumupatsira mpira Mlendo, ngakhale atakhala yekhayekha pafupi ndi golo. Ndikamuseka monga kale sankabweza. Msuweni wosabweza chipongwe ndi woopsa.

Chimene azakhali sanaganizire ndi dzuwa. Majezi aja anali atayanikidwa zaka zambiri ndipo anasuluka, koma kunsi kwa nambala nsalu inakhalabe yofiira kwambiri. Ikakhala youma sizinkaoneka bwino. Loweruka lina kunatentha zedi, osewera ananyowa ngati agwera m'chitsime, ndipo pamsana pa Kaputeni, kuseri kwa nambala 7, panatulukira chithunzi cha 14.

Anayamba kuona ndi munthu wina wa kumpanda. Analoza, mnzake analoza, phokoso lonse la bwalo linayamba kuzirala mpaka tinkamva mpira ukugunda pansi. Wosewera mnzake anamunong'oneza Kaputeni. Iye anavula jezi pakati pa bwalo, naitembenuza, nayendetsa chala pa timabowo ta singano. Enanso anavula zawo n'kumaziyang'ana pa dzuwa. Mlendo anangoima m'mbali mwa mzere, osadziwa chimene chachitika.

Kenako mitu yonse inatembenukira ku kona, kumene azakhali ankakhala pa kreti yawo masewera aliwonse. Palibe anatukwana, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Ndinawagwira dzanja n'kunyamuka. Gulu la anthu linatitsatira chapatali mpaka pa geti, osalankhula, ndipo titalowa linaimabe panja kwa kanthawi.

Mawa lake a Tcheya anatumiza anthu kudzatenga thumba losungiramo majezi ndi manambala otsala. Anati ntchito yochapa aipereka kwa mlamu wawo. Mlendo sakanatha kumuchotsa chifukwa cha lamulo la ligi, ndiye anamuponyera jezi imodzi kuti azichapa yekha kwawo. Kaputeni sanalankhule ndi amayi ake tsiku lonselo.

Lolemba m'mawa azakhali anatulutsa beseni lalikulu lija, ngakhale kuti zochapa zinali za m'nyumba zokha: nsalu zawo, zofunda, ndi malaya a Kaputeni. Ali mkati mochapa, Mlendo anagogoda pa geti, jumbo ili m'manja.

"Mayi, ndamva zonse. Pepani, mwaluza ntchito chifukwa cha ine. Ndikupita kukabweza jeziyi kwa a Tcheya, mpira ndasiya."

"Bweretsa kuno," anatero azakhali. "Mpira susiya, ndipo jezi ya timu siyenda mumsewu ili yakuda."

Anailandira n'kuimiza m'beseni, pakati pa zovala zina zonse. Nthawi yomweyo chitseko chakuseri chinatseguka. Ine ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kuima pa windo.

"Amayi, muli zovala zanga mmenemo," anatero Kaputeni.

"Ndikudziwa. Ndayamba kukuchapira uli m'matewera."

"Chotsani jeziyo."

"Iyi siichoka, mwana wanga. Ngati pali chofuna kuchotsa, chotsa wekha."

Mlendo anafuna kulankhula, koma azakhali anamuletsa ndi dzanja lathovu. Kaputeni anayandikira n'kugwada pafupi ndi beseni, moyang'anizana ndi amayi ake. Ine ndinapemphera chamumtima kuti aseke, kapena atukwane, chilichonse. Anapinda manja a shati, nalowetsa dzanja m'madzi, nakankhira jezi yofiira ija kumbali. Anayamba kuvuula malaya ake limodzilimodzi, osafinya n'komwe, nawakoleka paphewa. Sanalowe nawo m'chipinda chake. Anatuluka nawo pa geti, madzi akuyenderera kumsana mpaka m'nsapato.

Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale pa maliro a amuna a azakhali. Azakhali sanamuitane, ndipo sanadzutse mutu kuti amuone akukhota pa msewu. Anagwira jezi ija pa kolala n'kumaifikisa, kuifikisabe, mpaka sopo anawathera m'manja.